Khungu la Mkamwini

Panali dokotala wina pa chipatala cha kumudzi, amene anakalambira pa ntchito yoona odwala khate. Diso lake linali ndi mbiri. Anthu ankati iye akayang'ana banga, palibenso chofunsa.

Tsiku lina kunabwera mkamwini wina, wocheka matabwa, ali ndi banga lotuwa paphewa. Anaperekezedwa ndi malume a mkazi wake, mwini mbumba ya kumudzi kumene anakwatirako. Dokotala anauza wodwalayo kuti atsinzine, namukhudza pabangapo ndi thonje, monga amayesera khate. Munthuyo sanamve kanthu. Dokotala sanaganizire zoti phewa losenza matabwa limalimba khungu. Sanapemphenso malumewo kuti ayambe atuluka.

"Ili ndi khate, bambo," anatero. "Koma musaope, limachizika."

Kenako anadula kachidutswa ka khungulo, kochepa ngati njere ya mpunga, nakatumiza ku chipatala chachikulu kuti akakaunike ndi makina. Lamulo linkatero, koma iye ankangoona ngati mwambo chabe.

Yankho linachedwa. Litafika, linati si khate ayi, koma nthenda wamba yofanana ndi chipere, yotha ndi mankhwala opaka.

Dokotala anapalasa njinga mpaka kumudziko. Anapeza nyumba ya wodwala uja ili yotseka. Anamva kuti mkamwini uja anayamba wapatsidwa mbale yakeyake, kenako analetsedwa kunyamula ana ake, ndipo pomaliza ankhoswe anakhala pansi, ukwati n'kutha. Iye anabwerera kwawo. Ana anatsala, pakuti ana ndi a kuchikazi.

Dokotala anafotokoza zonse, osabisa kuti analakwitsa. Malume aja anamvetsera mwaulemu mpaka pamapeto.

"Musadzichepetse, adokotala," anatero. "Makina a m'tauniwo anaona kachikopa chabe. Inu munaona munthu yense."

Mkazi wa mkamwini uja anali chapatali, akusenda chinangwa, ndipo sanadzutse mutu. Dokotala atafunsa njira ya kwawo kwa mkamwiniyo, anamuyankha kuti nakonso sanakhalitse, chifukwa mbiri inali itafika kale. Kumene analowera palibe ankadziwa. Dokotala anabwerera akukankha njinga yake, mankhwala opaka aja ali m'thumba.

Inu amene anthu amakukhulupirirani, chimene mwaona chisanatsimikizike chisungeni kaye m'kamwa, ndipo musanalankhule yang'anani amene wakhala pambali. Mawu a munthu wodalirika akatuluka, ngakhale mwini wake atawatsatira kukawabweza, anthu amamukaniza.