Mwala Wopendekera Phewa

Kalekale, kale ndithu, mvula inaiwala njira yopita kumudzi wina. Zitsime zinauma. Mbuzi zinayamba kunyambita miyala.

M'mudzimo munali mwamuna wina dzina lake Mwandira, wopendekera phewa chibadwire. Mkazi wake anali Nasoko, ndipo anali ndi khanda kumsana.

Tsiku lina Mwandira anati, "Anasoko, ndikupita kukafuna madzi. Ndikawapeza, sindichokapo."

Anapita. Mwezi unatha, wina n'kutha. Mwandira osabwera.

Nasoko anabereka mwana, nalondola mapazi a mwamuna wake. Anayenda, nayenda, nayenda, mpaka mitengo inatha, kunatsala mchenga wokhawokha. Kenaka dziko linang'ambika patsogolo pake. Chinali chigwembe chachikulu, makoma ake ofiira ngati makala a moto, pansi pake pouma gwa.

Anatsikira momwemo. Munali zii. Uku ndi uku kunaima miyala italiitali, yonga anthu. Wina ngati mayi wosenza mtsuko. Wina ngati nkhalamba yotsamira ndodo. Mphepo ikadutsa pakati pawo, inkamveka ngati anthu akung'ung'udza nyimbo chapatali.

Pokhota, Nasoko anaima chilili. Mwala wina unali wopendekera phewa.

"Bambo a mwana," anatero, "ndinu kodi?"

Mwala duu.

Anakhala pansi, natsamira mwalawo. Unali wofunda ngati munthu. Nyimbo ija inasendera pafupi, yokoma, yogonetsa. Nasoko anaiwala ludzu. Anaiwala kumudzi. Mumtima anati, pano ndiye ndafika, sindipitanso kwina.

Pamwamba pa thanthwe panatulukira mbira, kanyama ka m'miyala kaja.

"Amayi, taonani mapazi anu."

Nasoko anayang'ana. Zala zake za kumapazi zinali zitafiira, zitauma ngati mwala.

"Zisiye," anatero. "Ndili ndi mwamuna wanga."

"Enawa anateronso," inatero mbira. "Aliyense anabwera kudzalira wake, nakhala pansi. Koma amuna anuwa sanaime pachabe. Tatcherani khutu."

Nasoko sanafune kumva. Maso anali kulemera, mawondo anali kuuma.

Pamenepo mwana kumsana analira. Analira, nalira, kulira kwa ludzu, mpaka chigwembe chonse chinalira naye. Nasoko anadzidzimuka. Mawere ake anatuluka mkaka. Anagunditsa khutu pachifuwa cha mwala uja, ndipo m'kati anamva kuti chulu, chulu, chulu.

"Madzi! Bambo a mwana, munawapeza!"

Anakwawa, nakumba patsinde pa mwalawo ndi manja. Zikhadabo zinathyoka, iye kukumbabe. Mchenga unada, unanyowa, kenaka madzi anatumphuka, ozizira. Madziwo atakhudza mapazi ake, zala zinafewa.

Anamwetsa mwana. Anatapa ena m'manja, nathira pamwala uja, nadikira.

Mwala duu.

Nasoko analira pang'ono, napukuta misozi.

"Tsalani bwino, bambo. Ndikukaitana anthu."

Ananyamuka osacheuka. Mudzi wonse unasamukira kumeneko, ndipo palibenso anafa ndi ludzu.

Wamva, mwanawe? Kulira wakufa n'kwabwino, koma wamoyo akalira, dzuka.

Nthano yanga yafika pothera, ndi pomwepa.