Tionenji ku Mudzi wa Anthu Osakhala Pansi

Kalekale, mitengo ikadali yambiri kuposa anthu, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri munali mtsikana dzina lake Tionenji. Wamantha asendere pafupi ndi mnzake, ana inu, chifukwa nkhaniyi siyoseketsa.

Tionenji anabadwa ndi mwendo wamanzere waufupi, ndipo poyenda ankatsimphina. Amayi ake ankamukonda, koma chikondi chawo chinali chodzaza mantha. Tsiku ndi tsiku ankamuuza kuti, "Mwana wanga, anzako akalima mzere umodzi, iwe ulime iwiri. Anthu asakupeze utakhala pansi. Ukakhala pansi maso awo adzagwera pamwendopo, ndipo palibe adzakufune."

Amayiwo nawonso sankakhala pansi. Anakalamba ali chiimire, ndipo tsiku lina anthu anawapeza atagwa pakati pa mizere, khasu lili m'manja, mpweya utatha.

Patapita zaka, mnyamata wina wosema mipini, dzina lake Kachingwe, anafunsira Tionenji. Anamukwatira n'kupita naye kumudzi kwawo. Kumeneko Tionenji ankagwira ntchito ngati wina akumuthamangitsa. Akatunga madzi, asinje. Akasinja, apete. Akapeta, azire m'nyumba. Akazira, abwererenso kuchitsime. Kudya ankadya choimirira, kuseri kwa nkhokwe.

Anthu atakolola ndi kututa, mudzi wonse unapuma. Amuna ankasewera bawo. Akazi ankayala mphasa pansi pa mkuyu, kumalukana tsitsi ndi kutafuna nzimbe. Mwandida, mlongo wake wa Kachingwe, ankamuitana.

"Alamu, tabwerani mudzakhale nafe."

"Ndikubwera, alamu. Ndingomaliza aka."

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Akaziwo akaseka nkhani zawo, Tionenji ankati akuseka mayendedwe ake.

M'mawa wina Kachingwe anabisa khasu ndi munsi. "Mkazi wanga, lero mupume," anatero. "Chimanga chili m'nkhokwe, ufa uli m'dengu. Taonani, maso anu alowa m'kati."

"Waona kuti ndafooka," anaganiza Tionenji. "Mawa adzatenga wina wa miyendo yofanana." Anatola chingwe ndi nkhata, anazemba cha kuseri kwa nyumba, nalowera kunkhalango kukatola nkhuni. Chonsecho nkhuni kunyumba zinali mulu wofika kudenga.

Anayenda, anayenda. Anawoloka kamtsinje, anadutsa nsungwi, mpaka dzuwa linafika paliwombo. Pamenepo anamva minsi ikulira: gu, gu, gu. Sunali munsi umodzi kapena iwiri. Inali yambiri, ikugunda pamodzi, ndipo anthu ankaimba motsitsa mawu:

"Sinja, sinja, usaleke,
Dzuwa lathu sililowa.
Wotopa ndani? Palibe.
Wokhala ndani? Palibe."

Tionenji anatsata nyimboyo. Atatuluka m'mitengo anaona mudzi waukulu umene sanaumvepo. Bwalo linali losesedwa mbee. Aliyense anali pa ntchito: awa akusinja, awa akupeta, awa akulima, awa asenza mitsuko.

Mayi wina wamtali, wowonda ngati munsi womwe, anamuyandikira. Ankamwetulira, koma maso ake sankaphethira.

"Takulandirani, a Tionenji. Takhala tikukudikirani."

"Mwandidziwa bwanji, mayi?"

"Kuno timawadziwa onse osakhala pansi. Mbiri yanu inafika kalekale. Kuno palibe amene adzayang'ane mwendo wanu. Ife timayang'ana manja."

Mawuwo anamukomera Tionenji. Chibadwire panalibe anamuyamikirapo chotero. Mayi wamtaliyo anamupatsa munsi ndi mtondo wodzaza chimanga, ndipo iye anayamba kusinja.

Anasinja, anasinja. Chimanga chikakonoka, wina ankathiramo china. Anasinja, anasinja. Thukuta linatsika mpaka kumapazi, msana unayamba kuwawa. Anakweza maso kuti aone ngati dzuwa lapendeka. Dzuwa linali pomwe lija, paliwombo. Anasinjanso mitondo isanu. Anakwezanso maso. Dzuwa linali pomwe lija.

Apa anayamba kuyang'anitsitsa. M'mudzi monsemo munalibe mphasa, munalibe mpando, munalibe ngakhale chitsa chokhalapo. Panalibe galu wogona pamthunzi, pakuti mthunzi womwewo panalibe. Anasuzumira mumtondo wa mnzake wapambali. Munalibe kanthu. Mtondowo unali utabooka pansi, ndipo mayiyo ankangogunda dothi. Uko bambo wina ankalima pathanthwe, khasu litatha mpaka kutsala mpini wokha. Otunga madzi ankafika ndi mitsuko yobooka, yowuma, n'kubwereranso kuchitsime. Ndipo onsewo poyenda sankapinda mawondo. Miyendo yawo inali yowongoka ngati nsichi.

Tionenji anafunsa mnzake wapambali uja chapansipansi, "Mayi, kodi kuno mumapuma nthawi yanji?"

Minsi yonse inaima kamodzi. M'mudzi munangoti zii. Mitu yonse inatembenukira kwa iye, maso osaphethira aja ali pa iye. Mayi wamtali uja anafika kumbuyo kwake osamveka mapazi.

"Mawu amenewo kuno sitinena, a Tionenji. Kapena mwatopa?"

"Iyayi," anatero Tionenji. "Sindinatope."

"Tinadziwa. Sinjani."

Gu, gu, gu, minsi inayambiranso.

Mayiyo atapotoloka, Tionenji anaponya munsi pansi n'kuliyatsa liwiro. Anathamanga motsimphina, minga ikumulasa, nthambi zikumukwapula kumaso. Palibe anamuthamangitsa. Atatuluka m'mitengo anapezeka pabwalo lomwe lija, pamtondo womwe uja. Anathawira kumadzulo, anatulukira pamtondo. Anathawira kum'mawa, anatulukira pamtondo. Kachitatuko mayi wamtali uja anali atamutolera kale munsi, akumudikira.

"Mumathamanga bwino," anatero. "Kuthamanga nakonso ndi ntchito. Timaikonda."

Tionenji analandira munsiwo akulira. Atati apinde bondo kuti asendeze mtondo, bondolo linakana. Linali litayamba kuuma ngati chikuni. Zala zake nazonso zinali zitayamba kukanirira pamunsi.

Chapafupi panali mayi wina wokalamba amene ankapeta lichero lopanda kanthu, atamufulatira. Tionenji anayang'ana msana wopindikawo, anayang'ana kachipsera ka pachigongono, ndipo anawazindikira.

"Amayi, ndinu?"

Lichero silinaime. "Usandiyang'ane, mwana wanga. Zisinja, ndilankhule akuyesa tikuimba."

"Amayi, tinakuikani m'manda ndi manja athu."

"Thupi munaika. Ine ndinafikira kuno, pakuti kupuma sindinakuphunzire. Chifikireni ndikupeta lichero lomweli." Mawu awo anali ouma ngati mapesi. "Ndinakulakwira, Tionenji. Ndinkaopa kuti anthu adzakutaya, ndiye ndinakusenzetsa mantha anga. Mwendo wako sunalakwe kanthu."

"Ndithawa bwanji? Njira zonse zikubwerera pano."

"Wothamanga satuluka muno. Khala pansi mawondo asanaume."

Tionenji anayang'ana khamu lija, ndipo mantha amenewa anaposa onse. "Andiona mwendo, amayi. Andiseka. Anditcha mlesi."

"Akutche. Dzina silipha munthu."

"Nanga inu?"

"Anga anauma kalekale. Ine ndisiye."

Tionenji anasinjanso kamodzi, kawiri. Anamva kuuma kuja kukukwera kuchoka m'mawondo kupita m'chiuno. Ndipo anakanganula zala zake pamunsi chimodzichimodzi, khungu likutsalira pamtengo. Munsi unagwa. Anagwira amayi ake m'chiuno, nayamba kutsika nawo pansi. Mawondo ake analira ngati nthambi yothyoka, ululu unafika mpaka m'mano, koma sanaleke. Anatsika, anatsika, mpaka anakhala padothi. Amayi ake, owuma ngati mtanda, anawagoneka n'kutsamiritsa mutu wawo pamiyendo pake.

Nyimbo inaduka. Anthu onse anasiya ntchito n'kuyamba kubwera, akukoka miyendo yawo yosapinda. Anamuzungulira mpaka kuwala kunachepa.

"Mlesi," anatero mmodzi.

"Mlesi, mlesi," anavomera onse. "Taonani mwendo wake. Wopunduka wakhala pansi."

Mayi wamtali uja anadutsa pakati pawo, munsi uli m'manja. Kumwetulira kunali kutatha. Anakweza munsiwo pamwamba pa mutu wa Tionenji.

"Dzukani. Nenani kuti simunatope, ndipo tiiwala zimenezi."

Thupi lonse la Tionenji linkafuna kudzuka. Koma anamva kulemera kwa mutu wa amayi ake pamiyendo pake. Pang'onopang'ono anatambasula miyendo yonse iwiri pamaso pa onse, wautali ndi waufupi, nakweza nsalu mpaka m'mawondo.

"Nawu mwendowo, uoneni," anatero, mawu akutuluka movutika. "Ndi waufupi, ndipo ndi wanga. Wandinyamula zaka zonsezi. Ndatopa. Amayi anganso atopa. Sitidzuka."

Anatsinzina, kudikira kuti munsi utere pamutu pake.

Munsi sunatere. Chimene anamva ndi kamphepo kozizira pakhosi. Atatsegula diso limodzi anaona mthunzi wake utatuluka pansi pake n'kuyamba kutalika. Dzuwa linali litasuntha. Anthu aja anayang'ana kumwamba ndi mantha, ena anayamba kuyasamula, ena makasu anawapulumuka. Mayi wamtali uja anabwerera m'mbuyo, akuphimba nkhope. Tionenji anayang'ana pamiyendo pake. Lichero linali litagwa kuchoka m'manja mwa amayi ake, ndipo zikope zawo zinkatsika.

"Ha, kukoma kwake," ananong'ona amayiwo, ndipo anagona.

Tionenji nayenso tulo tinamugwira pomwepo.

Anadzidzimuka ndi mawu oitana dzina lake. Anali atakhala pamasamba owuma, atatsamira mtengo wa msuku, pakati pa nkhalango. Mudzi panalibe, mitondo panalibe, amayi ake panalibe. Zikhatho zokha zinali zosupuka. Mawu aja anayandikira, ndipo Kachingwe ndi Mwandida anatulukira m'tchire, milomo itawauma. Anali atamufunafuna masiku atatu.

Tionenji anayesa kudzuka msanga kuti asamupeze atakhala, koma anadzigwira. Anakhalabe pomwepo.

"Sinditha kuyenda," anatero. "Ndatopa kwambiri."

Kachingwe anagwada, namubereka kumsana mpaka kumudzi.

Atamwa phala ndi kusamba, Tionenji anawafotokozera zonse, kuyambira mawu a amayi ake ali mwana mpaka munsi wa mayi wamtali. Mwandida anagwira pakamwa.

"Alamu, ife tinkayesa mumatinyansidwa. Tinkati mwina nkhani zathu ndi zopusa, n'chifukwa chake simubwera pamphasa."

"Ndinkaopa kuti muona mwendowu."

Kachingwe anapukusa mutu. "Mwendowo ndinauona tsiku loyamba, mukuchokera kuchitsime. Ndinaufunsira pamodzi ndi mwini wake."

Musaganize kuti Tionenji anasintha tsiku limodzi. Kupuma kunamuvuta ngati mmene kulima kumavutira mwana. Akakhala pamphasa, manja ankangofunafuna chogwira. Akamva munsi ukulira masana, ankatuluka thukuta n'kuyang'ana kumwamba ngati dzuwa likuyenda. Mawondo ake ankawawa nthawi yozizira mpaka ukalamba. Ndipo anthu ena a pakamwa ankanenadi kuti mkazi wa Kachingwe wayamba ulesi. Iye ankamva, mtima n'kupweteka pang'ono, koma ankakhalabe. Ntchito ankagwira m'mawa monga anzake, mzere umodzi monga anzake. Dzuwa likakula ankapita kumkuyu. Kumeneko anthu anadabwa kupeza kuti Tionenji amadziwa kuseketsa, ndiponso kuti ali ndi mawu okoma poimba. Iye mwini sankadziwa.

Tsiku lina anayanika mphale pamkeka, nakhala pambali kuti aziingitsa nkhuku. Mwandida ankamuluka tsitsi. Zala za mlamu wake zinali zofewa, mphepo inali yabwino, ndipo Tionenji anagona tulo tofa nato masanasana, mutu uli pamwendo pa Mwandida. Podzuka anaona nkhuku zisanu zili pamkeka, zikujompha mphale mosatekeseka. Anati adzambatuke, koma Mwandida anamugwira paphewa.

"Zisiyeni zinenepe, alamu. Nazonso tidzadya."

Tionenji anaziyang'ana nkhukuzo kanthawi. Kenaka anaseka mpaka misozi, anabwezera mutu pomwe unali, nati, "Malizani kuluka mbali inayi, alamu."

Nthano yanga yatsamira pamenepa, ndipo nanenso ndapuma. Munthu sagula malo ake pakati pa anzake ndi thukuta: wotopa anene kuti watopa, akhale pansi monga alili.