Tambala wa Alendo

A Chimbalanga, tcheyamani wa msika, anaima pa okala ya Niyonzima, wa ku Burundi.

"Iwe ndiwe mlendo kuno," anatero mokweza, anthu akumva. "Mawa undipatse thumba la mpunga, apo ayi utseke."

"Zoona bwana, ndine mlendo wanu. Mawa ndifika kunyumba."

M'mawa mwake Niyonzima anatulukira ndi mkazi wake ndi ana, chimanjamanja.

"Odi kuno! Alendo anu aja tafika!"

Aneba anatuluka kudzaona. Mayi Chimbalanga, poopa manyazi, anayala mphasa n'kupha tambala yekhayo wa pakhomo.

"Tibwerenso liti, bwana?" anafunsa Niyonzima akutokosa m'mano.

Tsiku lomwelo tcheyamani anazungulira msika wonse akukalipa: "Amene anenenso kuti Niyonzima ndi mlendo aona zakuda! Ameneyu ndi wathu!"