Eneya Awiri, Mzere Umodzi

Panali munthu wina, Eneya Chikalusa, amene ankagwira ntchito ya makompyuta m'tauni. Pamene mpingo wa kumudzi kwawo unkakonzekera chikumbutso cha kuyamba kwake, akulu ampingo anamutumizira mafayilo awiri, ina ya Akhristu akale, ina ya atsopano. Anamupempha awaphatikize, kuti pa tsikulo adzawerenge mayina a onse amene anatisiya.

Eneya anailandira ntchitoyo ndi manja awiri, pakuti kumudzi ankakusowa. Ankakumbukira tchalitchi chaudzu, mipando yadothi, ndi malemu agogo ake aamuna akumenya chitsulo cha gudumu la galimoto pamtengo wa mango, kuitana anthu ku mapemphero.

Analemba kapulogalamu kakafupi. Anakalamula kuti mizere iwiri ya m'mafayilomo ikafanana dzina ndi mudzi, ameneyo ndi munthu mmodzi: kasunge mzere watsopano, wakale kataye. Tiyi asanazizire m'kapu, ntchito inali itatha. Mkuluyu anadzitama yekha, osafunsa munthu, kuiwala kuti safunsa anadya phula.

Tsiku linafika. Mlembi ankawerenga mayina, ndipo banja lililonse linkaimirira m'bale wawo akatchulidwa. A kwa Chikalusa anadikira mpaka mlembi anapinda pepala. Sanaimirire.

Atatuluka, azakhali ake a Eneya anamugwira dzanja. "Mwanawe, atate athu ali kuti? Anthu amene ankawaitanira ku tchalitchi atchulidwa. Nanga iwo alakwanji?"

Eneya anatsegula laputopu pomwepo. Anapeza Eneya Chikalusa mmodzi yekha, wamoyo, wokhala m'tauni. Mzere wake unali utameza wa agogo ake, eni ake dzinalo. Anagwidwa ndi manyazi.

"Tinakutcha dzina lawo kuti asaiwalike," anatero azakhaliwo, "osati kuti uwafufute."

Eneya anakonza pulogalamuyo kuti izifananitsanso chaka chobadwa. Agogo ake anabwerera, pamodzi ndi agogo a mabanja ena amene adzukulu awo anawameza chimodzimodzi. Koma anthu anali atabalalika kale, ndipo chikumbutso sichibwerezedwa mawa lake.

Inu amene mumaphatikiza mafayilo, kompyuta imamvera, koma sidziwa mwambo. Musanaiuze kuti awiri ndi mmodzi, funsani kaye mmene eni mudzi amatchulira ana awo. Kwathu kuno dzina limodzi limanyamula wamoyo ndi wakufa, ndipo mukawasokoneza, wotayika ndi uja amene sangathenso kuimirira n'kunena kuti, "Ndine pano."