Nyumba ya pa Khungu la Bilimankhwe

Kalekale, dziko lisanadziwe msewu wa tala, padali Nkhwali ndi mkazi wake Nangondo. Iwe Malizani, ika kaye foniyo pansi. Ndalamazo sizithawa, ndipo nyumba yogona alendo ukuidyerera masoyo sikupita kulikonse. Tamvera malume ako.

Nkhwali ndi Nangondo ankakhala kudambo. Kumeneko adaswa ana, adalera ana, ana adakula n'kumwazikana. Nangondo chibadwire sadapumepo. Kukacha kupalasa, kukada kufungatira. Kukacha kupalasa, kukada kufungatira.

Chaka china chisanu chidabwera ndi ukali. Nangondo adayamba chifuwa. Ankatsokomola mpaka nthenga zonse kunjenjemera. Nkhwali mtima udamuwawa. Adalumbira kuti apita naye kuchigwa, kuseri kwa phiri, kumene kumafunda chaka chonse, akapume mpaka chisanu chithe. Koma kuchigwako sadapondeko, ndipo adalibeko mbale. Akagona kuti?

Mawu akatuluka m'kamwa sasowa khutu. Tsiku lina Bilimankhwe adatulukira, kayendedwe kake komwe kaja, ngati akuopa kupweteka nthaka. Moni wautali, ulemu wosefukira. Adati ali ndi nyumba kuchigwa, patsinde pa mkuyu waukulu, pakati pa mizu. Mphepo silowamo, kabawi saiona. Nkhwali adafunsa kuti nanga angaione bwanji, poti mapiko a nkhwali sadumpha phiri.

"Musavutike, bambo. Ndabwera nayo pathupi," adatero Bilimankhwe.

Adafufuma, khungu biriwiri. Adati awa ndi masamba a mkuyuwo. Adatembenuka, khungu psuu. Adati izi ndi nkhuyu zakupsa, zimagwera pakhomo penipeni. Adatembenukanso, khungu lachikasu. Adati uwu ndi mchenga wofunda, woti mayiwa azigonapo masana.

"Onani nokha. Maso sanama."

Nkhwali kukamwa yasa! Adafunsa mtengo wake. Bilimankhwe adati dengu la ngumbi zouma basi, chisanu chonse. Nyumba yotere, dengu limodzi! Koma ngumbizo zidali zomwe Nangondo adayanika nthawi ya dzinja, ndipo zidali kamba wa ulendo wawo.

Nangondo adafunsa motsitsa ngati alipo wina amene adagonamo. Bilimankhwe adati mboni zilipo, zili pafupi pomwepa, akaziitane. Adazimiririka kuseri kwa chulu.

Patapita kanthawi kudatuluka wina wakuda bii. Adati iye adagonamo chaka chatha, tulo totere sadatipezenso kwina. Adabwerera kuseri kwa chulu.

Kudatuluka wina wotuwa mbuu. Adati agogo ake adachira chifuwa m'nyumba yomweyo. Adabwerera kuseri kwa chulu.

Kudatuluka wina wamawangamawanga. Adati mwini nyumbayo ndi munthu wokhulupirika, sadanamizepo ngakhale nyerere. Naye adabwerera kuseri kwa chulu.

Nangondo adakokera mwamuna wake pambali.

"Bambo, mbonizi bwanji sizibwera pamodzi? Ndipo zonse mchira ndi woduka kunsonga."

Nkhwali adamuyankha kuti ndi mtundu wawo, amabadwa choncho. Ukumva, Malizani? Amabadwa choncho!

Namzeze, amene ankadutsa phirilo kawirikawiri, adamva zonsezi ali pabango. Adati mawa apita kuchigwa, akaone mkuyuwo, akafunse eni dera, abwere ndi yankho. Bilimankhwe atamva, diso lina kumwamba, lina pansi. Adati iye sakukana, koma a Nkhanga akuifunanso nyumbayo. Dzuwa likalowa lero aipereka kwa iwo. Adati wayambira kuno chifukwa cha chisoni basi, atamva chifuwa cha mayiwa.

Pomwepo Nangondo adatsokomola. Nkhwali adamuyang'ana, adayang'ana dzuwa, adanyamula dengu n'kupereka. Chidali chikondi, ine sindikunyoza ayi. Koma Namzeze adangopukusa mutu n'kuuluka.

Bilimankhwe adawapatsa tsamba louma la mkuyu. Adati akafika akalionetse kwa mlonda wake, ndipo adzawatsegulira.

Adayenda. Adayenda. Adakwera phiri, miyala ikucheka mapazi. Kamba adalibe, ankangotola timbewu ta udzu. Nangondo akatopa, Nkhwali ankamukumbutsa za masamba, za nkhuyu, za mchenga wofunda. Nangondo ankadzuka, n'kuyendanso.

Adatsikira kuchigwa. Mkuyu udalipodi. Masamba biriwiri, nkhuyu psuu, mchenga wachikasu. Koma pansi pake padali khamu. Nkhanga ndi ana ake, tsamba kukamwa. Zinziri ndi mkazi wake, tsamba kukamwa. Fulu, amene adakwawa phiri lonselo ndi miyendo yake ija, tsamba kukamwa. Aliyense ankati nyumba ndi yake. Wina adalipira kwa wobiriwira, wina kwa wakuda, wina kwa wotuwa.

M'nyumbamo mudatuluka Nungu, mayi wamkulu, minga itaima, atatopa ndi phokoso.

"Ine ndidabadwira muno, ana anga ali muno. Sindidatumepo munthu. Amene mukunenayo adangokhala panthambi apo, akuyang'ana, kenako adapita. Mukadatumiza mawu, ndikadakuuzani."

Onse adayang'anana. Masamba adagwa m'kamwa limodzilimodzi.

Nungu sadali woipa mtima. Adati apume pamthunzi, adye nkhuyu. Koma m'nyumba mudali modzaza ana ndi minga, mlendo sakadalowamo. Panja kabawi ankazungulira, ndipo dzuwa lisanapendeke adatenga kamwana kamodzi ka Nkhanga. Pamalo pamenepo sipadali pogona.

Asananyamuke, Nangondo adapita pamchenga paja. Adakhala pansi, adatambasula mapiko, adatsinzina pang'ono.

"Ndi pabwinodi, bambo. Mchenga ndi wofunda monga adanenera."

Mawu amenewo adamulasa Nkhwali. Kukadakhala bwino akadamutukwana. Koma Nangondo sadatchule za mchira, sadatchule za ngumbi. Adangosasa fumbi, n'kuyamba kutsatira mwamuna wake.

Adayenda. Adayenda. Pamwamba pa phiri chiperoni chidawapeza. Nkhungu, mphepo, mvula yowaza yosaleka. Nangondo miyendo idakana. Nkhwali adamufungatira ndi mapiko, iye amene sadafungatirepo ngakhale dzira. Kutsokomola kudachepa. Nkhwali adati mwina wayamba kupeza bwino. Kudachepanso. Kenako kudaleka.

Adamuika pansi pa mwala. Padalibe mwana, padalibe mbale, padalibe woimba nyimbo ya maliro. Zimandimvetsa chisoni, Malizani, nthawi zonse ndikafika pamenepa. Mayi amene sadapumepo moyo wake wonse adapuma kanthawi kamodzi kokha, pamchenga wa eni ake.

Nkhwali adatsika yekha, miyendo ili magazi okhaokha. Adafunafuna wobiriwira uja m'dambo lonse. Wafunsa uyu, sadamuone. Wafunsa uyo, sadamuone. Pafupi ndi chulu chija adapeza wina wofiirira ali panthambi, mimba ili tototo. Adamufunsa ngati wamuonako wobiriwira wobwereketsa nyumba.

"Ameneyo sindimudziwa. Koma inu bambo mukuoneka otopa. Mukufunika kukapuma. Ndili ndi nyumba kuchigwa, patsinde pa mkuyu."

Nkhwali adayang'ana mchira. Udali woduka kunsonga. Adalumpha kuti amujomphe, koma atafika panthambipo adangoona masamba okhaokha.

N'chifukwa chake mpaka lero miyendo ya nkhwali ndi yofiira. Magazi a paphiri paja sadachoke. Ndipo m'mawa uliwonse amakwera pachulu n'kulira mokalipa. Anthu amati akulengeza kucha. Ayi ndithu, akuitana Nangondo.

Tsono iwe, Malizani. Zithunzi zili mufoni yakozo ndi khungu la Bilimankhwe. Nyumbayo mwina ilipodi, yokongola monga ukuionera, koma amene akukuonetsayo ndi mwini wake? Anthu akuyamikira pansi pa zithunziwo, udawaonapo ali pamodzi? Mtengo watsika ngati wa masamba ofota pamsika, ndipo akuti utumize lero, mawa atenga ena. Amenewotu ndi mawu akale, a Nkhanga akuifunanso.

Safunsa adadya phula. Peza namzeze wako. Tuma munthu wa kuderalo akagogode pakhomo, akaone amene atsegule, akamufunse ngati akukudikirani. Kudikira tsiku limodzi sikudaphepo munthu. Nyumba yeniyeni mawa idzakhala ili pomwepo.

Ndipo usandiyang'ane choncho. Ndamumva mkazi wako m'mawa uja. Wakufunsa kawiri chifukwa chimene munthuyo amakana kuyankha ukamuimbira, n'kumangolemba mauthenga. Iwe wamuyankha kuti onse amatero.

Yanga nthano yathera pamenepa. Foni yako ndi iyo, tenga. Koma usanatumize kanthu, uyambe wayang'ana mchira.