Akazi Atatu Pachipata cha Nikareta

Kalekale, pa chilumba china cha Agiriki, panali mwana wamkazi wa mfumu dzina lake Nikareta. Bambo ake atamwalira ufumu unatsalira iye, ndipo pamodzi ndi ufumuwo analandiranso chilombo.

Chilombocho chinkakhala m'phanga la m'mphepete mwa nyanja. Amene anachionapo ankati thupi lonse linali mamba, manja ngati a munthu, koma chikalira, kulira kwake kunali kwa khanda. Asodzi akamva kulirako mtima sunkawalola kupitirira. Ankapalasira ngalawa kuphangako kuti akapulumutse mwana, osabwerakonso. M'chaka choyamba cha ufumu wa Nikareta anapita amuna khumi ndi anayi. Akazi awo amasiye ankabwera kudzakhala pabwalo la nyumba yachifumu, maso ali pa iye.

Kenaka kunafika ngwazi ina yochokera kutsidya la nyanja, dzina lake Filoni, amene anali atapha kale zilombo ziwiri kwawo. Analowa m'phangamo katatu, ndipo katatu konse chilombo chinamira pansi pa madzi.

"Mfumukazi, mkondo sulasa madzi," anatero Filoni. "Chitulutsireni pamtunda, zotsalazo ndi zanga."

Nikareta anapita kwa amayi ake, a Lisandira. Kuyambira iye asanabadwe, mayiwa ankapita kuphangako m'mawa uliwonse ndi buledi ndi nyama ya mbuzi, amvekere ndi nsembe ya mulungu wa nyanja. Anawapeza akuwomba nsalu.

"Amayi, tsiku ndi tsiku mumafika pakhomo pa phanga, koma sichikugwirani. N'chifukwa chiyani?"

Manja a mayiwo anaima. Anayang'ana pazenera, kumene amasiye aja anakhala padzuwa.

"Chili ndi dzina," anatero. "Munthu wa m'nyumba muno akaitana kuti Nikandulo, chimatuluka."

Kwa Nikareta dzinalo linkamveka ngati lake lomwe. Funso linafika pakamwa, koma analimeza, n'kutuluka.

M'mawa mwake anaima pamchenga, Filoni atabisala kuseri kwa thanthwe. Anaitana kamodzi kokha. Kulira kuja kunaleka. Madzi anagawikana, chilombo chinakwawa pang'onopang'ono mpaka pamapazi ake n'kugoneka mutu pamenepo ngati chofuna kusisitidwa. Filoni anachilasa m'khwapa. Mamba anayoyoka ngati masamba ouma, ndipo pamchenga panagona mwamuna, nkhope yake ndendende ya malemu mfumu. Mwamunayo anamuyang'ana Nikareta n'kunena mawu amodzi okha, "Amayi?" Basi n'kutsirizika.

Apa m'pamene a Lisandira anaulula zonse. Kale mfumu itatsala pang'ono kumira ndi namondwe, inalumbira kuti ikapulumuka idzamangira mulungu wa nyanja kachisi. Inapulumuka, lumbiro n'kuliiwala. Mwana wake woyamba anabadwa ndi mamba. Mfumu inalamula kuti amuponye m'nyanja, koma mayi anakamubisa m'phanga n'kumamudyetsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Tsiku lachitatu maliro ataikidwa, dzuwa lili paliwombo, pachipata panapezeka akazi atatu ovala zakuda. Palibe anawaona akubwera. Analibe chithunzithunzi pansi, ndipo tsitsi lawo linkagwedera popanda mphepo. Akuluakulu atangowaona anaphimba nkhope, pozindikira kuti ndi mizimu ija yolondola magazi a munthu wophedwa ndi abale ake. Tsiku lomwelo madzi a m'zitsime anasanduka amchere. Amayi oyembekezera masiku awo anakwana, koma ana osabadwa.

Nikareta anatuluka kukakumana nawo. Atatuwo anayankhula pamodzi ngati pakamwa pamodzi.

"Nthaka yamwa magazi a m'nyumba muno. Tipatseni mmodzi. Tidzayenda pambuyo pake, sadzagona, sadzakhala pansi, mpaka kumanda ndi kupitirira. Mukachedwa, tikhala pompano."

Filoni anaponya mkondo wake pansi. "Dzanja ndi langa, sindikana. Koma ine ndinalasa chilombo chodya anthu. Sanali mbale wanga, ndipo palibe anandiuza. Mukanandiuza, kaya ndikanatani, sindidziwa." Akunena choncho, magazi a padzanja lakelo anali asanachoke ngakhale anasamba ndi mchenga masiku atatu.

A Lisandira anagwada pafumbi. "Tengani ine. Ndikanamvera mwamuna wanga, asodzi aja bwenzi ali moyo. Ndikanatseka pakamwa, mwana wanga bwenzi ali moyo. Ndinamusunga ndine, ndinamupereka ndine." Koma mmodzi wa amasiye aja anadzuka n'kunena motsitsa, "Mayi amene anakana kumiza khanda lake, kenaka n'kulipereka kuti ana athu asathe, tingamupereke bwanji?"

Anthu onse ankadziwa kuti Nikareta anangoitana dzina limene anauzidwa, pofuna kupulumutsa anthu ake. Ankadziwanso kuti akachoka iye, mbewu yachifumu yatha, ndipo akuluakulu a nkhondo adzaphana polimbirana mpando. Koma iye yekha ankadziwa za funso limene analimeza pamene amayi ake ankawomba nsalu.

"Ine ndinaganizira kuti angakhale mbale wanga," anatero Nikareta potsiriza. "Sindinafunse, chifukwa ndinkaopa kuti ndikamva yankho sindikaitana."

Akazi atatu aja anangotembenuza nkhope zawo kwa anthu a pachilumbacho, kudikira. Mfumu imene inaswa lumbiro inali kale m'manda, kosaitanika.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mukanakhala pabwalo limenelo, zitsime zili mchere, ana akukanika kubadwa, mukanapereka ndani: Filoni amene analasa osadziwa, a Lisandira amene ankadziwa zonse, kapena Nikareta amene anasankha kusafunsa?