Ayezi M'nyumba, Mdzukulu ku Montana

M'nyumba ya banja la a Haugen, mumzinda wa Phoenix ku America, munali pangano lomwe linakhala zaka zambiri osaphwanyidwa. Loweruka limodzi pamwezi linali la anthu oundana, masiku ena onse anali a amoyo. Loweruka limenelo a Marlys, namwino wopuma pantchito, ankakathandiza kubungwe losunga matupi a akufa m'mathanki ozizira koopsa, poyembekezera kuti madokotala a m'tsogolo adzawadzutsa. Ntchito yawo inali yochepa: kuyankha mafoni ndi kuphunzitsa odzipereka anzawo kugoneka thupi pa ayezi mtima ukangoima. Amuna awo, a Dwight, analembetsa nawo kubungweko pongofuna mtendere wa m'nyumba. Chibangili cha bungwe chomwe ankavala ankachitcha chiphaso cholowera mufiriji.

Panganoli linatha mphamvu chaka chomwe dokotala anapeza khansa m'thupi mwa a Dwight. Loweruka lija linameza sabata yonse. A Marlys anagula firiji yachiwiri n'kuidzaza ayezi, bafa la pulasitiki analiika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Anzawo a kubungwe ankabwera kudzayeserera pabalaza, akunyamula chidole chachikulu ngati munthu, mwini imfayo ali pampando akumwa khofi. A Dwight ankawauza kuti chidolecho achigwetsa kale kawiri, ndipo akadzachita zomwezo patsikulo adzawasumira akadzadzuka.

M'miyezi yomweyo mwana wawo Corinne, yemwe anakwatiwa kutali kumapiri a ku Montana, anachira mwana wamkazi, namutcha Maren. Khandalo linabadwa masiku asanakwane, ndipo madokotala analetsa kuliyendetsa ulendo wautali. Tsiku lina pa chakudya cha m'mawa a Dwight anakankhira mbale pambali.

"Marlys, tiye tikwere ndege. Ndikangomunyamula kamodzi, tibwerere."

"Nanga ukakafera konko? Gulu lathu lili kuno. Kumapiri kuja adzafika ubongo utawonongeka kale."

"Ubongo wanga unawonongeka tsiku limene ndinakufunsira, ndipo ndakhala nawo bwinobwino."

A Marlys sanaseke. "Udzamuona, Dwight. Zaka zana si kanthu kwa munthu wogona."

"Ndidzamuona ali nkhalamba yoyendera ndodo, ine agogo ake ndili wamng'ono kwa iye. Tandiuza, pamenepo adzanyamule mnzake ndani?"

A Marlys anangodzuka kukaona ngati firiji ikuzizira. Sikuti anali ouma mtima. Ankaopa kutaya amuna awo kwamuyaya, ndipo mantha akavala yunifolomu ya unamwino amaoneka ngati nzeru. A Dwight nawo sanakakamire, poti m'banja mwawo ankadziwa kale kuti wogonja ndani.

Dokotala anali atanena kuti kwatsala masabata ochepa, koma a Dwight anapirira nyengo yonse yotentha. Apa ndiye panagona msampha. Sabata iliyonse a Marlys ankati tsopano nthawi yatha, wodwala wafooka kwambiri. Sabata yotsatira inkaonetsa kuti ija yapitayi akanapita n'kubwerako bwinobwino. Tsiku loyenera ulendo linkadziwika litadutsa kale. Corinne anaimba foni kangapo, anadandaula, analira, kenako anasiya kuitchula nkhaniyo. Ankangoloza kamera ya foni pakhandalo, a Dwight n'kumasisita galasi ndi chala chachikulu pomwe panali tsaya.

Anamwalira m'mawa wina dzuwa litakwera, a Marlys maso ali pamakina oyeza kugunda kwa mtima, thumba la ayezi lili m'manja. Zonse zinayenda monga anayesererera. Palibe anagwetsa munthu. Akuluakulu a bungwe anati sanaonepo thupi lozizitsidwa mwachangu chotero, ndipo anapempha a Marlys kuti adzaphunzitse ena mmene anachitira. Iwo anavomera, koma pobwerera kunyumba anaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu. Anayesa kukumbukira ngati dzanja la amuna awo linali lofunda m'mawa umenewo, n'kupeza kuti sakudziwa. Manja awo onse awiri anali atagwira ayezi.

Maren atalimba, Corinne anabwera naye ku Phoenix. A Marlys anawatengera kubungwe, m'chipinda momwe mathanki achitsulo aatali kuposa munthu anandandalika ngati nkhokwe. Anaima pa thanki imodzi n'kukweza mwanayo m'mwamba.

"Dwight, Maren uja ndi uyu."

Chitsulocho chinali chonyezimira. Mwanayo anaona nkhope yake yomwe itatambasuka moseketsa, anamenya thankiyo ndi kadzanja kake n'kuseka. Kenako kuzizira kwa chitsulo kunamulowa, anabweza dzanja n'kuyamba kulira.

Corinne anamulandira n'kumukhazika paphewa. Sanakalipe.

"Amayi, mwina adzadzukadi. Ine sindikudziwa, inunso simukudziwa. Koma mwana wa msinkhu uwu sadzamupeza. Mwezi wamawa womwewu adzakhala atasintha kale."

A Marlys anafuna kunena za ubongo wosungika bwino, za madokotala a m'tsogolo, mawu omwe anawanena pafoni kwa anthu ambirimbiri. Koma anayang'ana kadzanja kofiira kaja, n'kukagwira m'manja mwawo kuti kafunde.

Masiku ano a Marlys abwerera kupangano lakale. Loweruka limodzi pamwezi amapita kubungwe, ndipo ofedwa akaimba amawayankha mofatsa monga kale. Masiku ena onse alipo, ambirimbiri, koma yemwe anapangana naye kuti akhale ake ali m'thanki, akudikira zaka zana. Firiji yachiwiri ija anaizimitsa, ndipo chitseko chake chimangokhala chotsekula.

Akuluakulu akale sanawadziwe mathanki amenewa, koma anali atanena kale: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.